Makalata amene anabala Aida

Pa 2 Juni 1870, Giuseppe Verdi, wopeka nyimbo wa ku Italy, analembera mnzake Camille du Locle wa ku Paris kalata imene mwini wakeyo anavomera kuti inali youma gwaa ngati chikalata cha ngongole. Za nyimbo munalibe. Mkuluyu anangoyala zofuna zake: wolemba mawu a sewero amulipira yekha, munthu wokatsogolera oyimba ku Cairo amutumiza ndi ndalama za m'thumba mwake, Egypt ikhala ndi ufulu woonetsa seweroli m'dziko mwake mokha, kwina konse mwini ndi iye, ndipo malipiro ake ndi ma franc 150,000, oti aikidwe ku banki ya Rothschild ku Paris. Pasanathe mwezi analembanso, kupempha kuti za ndalamazi zisamveke. Chifukwa chimene anapereka chimandiseketsa nthawi zonse. Ankati anthu akamva mtengowu ayamba kudzutsa akufa osalakwa, opeka nyimbo akale, kukumbutsana za ndalama zochepa zimene Rossini analandira, umphawi wa Beethoven, kusauka kwa Schubert ndi kuyendayenda kwa Mozart pofunafuna chodyera.

Ndi mmene linayambira sewero la Aida, limodzi mwa masewero oyimba otchuka kwambiri a Chitaliyana. Kwa amene sanaonerepo opera, ndi sewero limene anthu salankhula koma amaimba mawu onse, kuyambira moni mpaka mawu otsiriza a munthu amene akufa, kwinaku gulu lalikulu la zoimbira likuwaperekeza kutsogolo kwa siteji. Ntchitoyi imafuna anthu awiri, mlakatuli wolemba mawu ndi wopeka nyimbo. Mwayi wathu ndi wakuti Verdi ndi mlakatuli wake sankakhala mudzi umodzi. Akanakhala oyandikana bwenzi akungokambirana pakhonde, ife osamva kanthu. Poti ankadalira positi, mikangano yawo inatsala papepala, ndipo lero munthu angathe kuitsatira tsiku ndi tsiku.

Pali nkhani imene imafala yakuti Aida analembedwa kuti akometse mwambo wotsegula ngalande ya Suez. Si zoona. Ngalandeyo inatsegulidwa mu Novembala 1869, ndipo nyumba ya masewero imene Isma'il Pasha, wolamula Egypt nthawi imeneyo, anamangitsa ku Cairo inatsegulidwa pa 1 Novembala chaka chomwecho ndi sewero lina lakale la Verdi, Rigoletto. Apo n'kuti nkhani ya Aida asanaione n'komwe. Anali atapemphedwa kale kuti alembere Cairo kanthu, iye n'kukana. Anali ndi zaka 56, wolemera, wokonda kuyendera minda yake ya ku Sant'Agata pafupi ndi Busseto, komanso wotopa ndi mabwana a nyumba za masewero. Mu Disembala 1869 anadandaulira du Locle yemweyu kuti ku Paris aliyense ndi katswiri, aliyense amafuna kuikapo maganizo ake, mpaka sewero limatuluka lazigambazigamba m'malo motuluka lathunthu kuchokera m'mutu umodzi.

Chimene chinamutembenuza ndi kabuku kamasamba ochepa kamene du Locle anamutumizira mu Meyi 1870. Anakonza kabukuka ndi Auguste Mariette, Mfalansa wofukula zinthu zakale amene ankagwira ntchito m'boma la Egypt. Nkhani yake ndi iyi. Aida ndi mwana wa mfumu ya Ethiopia, koma ali paukapolo m'nyumba ya Amneris, mwana wa Farao, ndipo palibe akudziwa kuti ndi wachifumu. Akazi onse awiri akukonda Radamès, mkulu wa asilikali amene wasankhidwa kukathira nkhondo dziko la kwawo kwa Aida. Radamès akukonda kapoloyo. Verdi atawerenga anayankha kuti zakonzedwa bwino, kuti muli malo awiri kapena atatu amene ngakhale si achilendo kwenikweni koma ndi okongola, n'kufunsa kuti walemba ndani, poti pakuoneka dzanja la munthu wodziwa siteji. Patangopita sabata imodzi ndi pamene anatumiza kalata ya mtengo ija. Mu Juni du Locle anapita ku Sant'Agata, awiriwo n'kutambasula nkhaniyo m'Chifalansa, kenako Verdi ndi mkazi wake Giuseppina Strepponi, amene kale anali woyimba wotchuka, n'kuiika m'Chitaliyana wamba. Chinatsala n'kupeza munthu woisandutsa ndakatulo.

Mtolowu unagwera Antonio Ghislanzoni wa ku Lecco, mtolankhani amene pa unyamata wake anaimbako pa siteji. Verdi analembera wosindikiza nyimbo zake, Giulio Ricordi wa ku Milan, kuti akamufunse ngati angaigwire ntchitoyi, koma amuuziretu kuti sakupemphedwa kupeka nkhani, akungofunika kuika m'mizere zimene zilipo kale, ndipo malipiro adzakhala abwino. Ghislanzoni anavomera. Sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene akulowa.

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Novembala 1870 makalata ankangotsatana. Ghislanzoni atumize mizere, Verdi ayamike mawu awiri atatu, kenako ayambe kuphwasula. Ndakatulo za Chitaliyana zimawerengedwa maphatikizo, ndipo mzere wa maphatikizo asanu uli ndi kayendedwe kake, wa asanu ndi awiri kake, wa khumi ndi limodzi kakenso. Verdi ankaitanitsa ndendende: apa mizere inayi ya mtundu wakuti, apo iwiri ya mtundu wina, liwu lomaliza likhale lodukiza mwamphamvu. Nthawi zina nyimbo inali itapangika kale m'mutu mwake, ndiye ankalemba mizere yachabechabe yongosonyeza kutalika ndi kagundidwe, n'kuuza mlakatuliyo kuti athiremo mawu abwino. Ghislanzoni anali ngati telala amene kasitomala wake wabwera ndi nsalu yake, miyezo yake ndi sitayilo yake, waima kumbuyo kwa makina akuyang'ana, ndipo suti ikatha akuibweza kuti mkono watalika, batani lili posayenera. Chosiyana n'chakuti kasitomala uyu pafupifupi nthawi zonse ankanena zoona.

Kalata imene ndimabwererako kawirikawiri ndi ya pa 17 Ogasiti 1870. Ikukamba za chigawo chachiwiri, pamene Amneris akufuna kudziwa ngati kapolo wake alidi pachikondi ndi Radamès. Akumunamiza kuti Radamès wafera ku nkhondo. Aida akulephera kudzigwira, kulira kukumutuluka. Apo Amneris akuulula kuti wanama. Ghislanzoni analemba mizere yosalala, yomveka bwino m'khutu, yonena kuti: ika maso ako pankhope panga, unamenso ngati uli nako kulimba mtima, Radamès ali moyo. Verdi anakana. Anati mawu awa ndi osakwanira pa siteji poyerekeza ndi ena amene iye mwini anawatcha oipa: ndi liwu limodzi ndizula chinsinsi chako, tandiyang'ana, ndakunamiza, Radamès ali moyo. Chimene ankafuna anachitcha parola scenica, ndipo anafotokoza kuti ndi liwu limene limasema nkhani n'kuiimika poyera, kuti woonera aimve nthawi yomweyo.

Tayerekezani mizere iwiriyo. Woyambawo ukufotokoza za bodza mozungulira, ndipo ukuika bodzalo pa Aida. Wachiwiriwo uli ndi liwu lakuti "ndakunamiza", limene likugwa ngati khofi. Munthu amene wakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo, amene theka la mawu likumupita chifukwa cha malipenga, akangomva liwu limodzili wadziwa zonse: msampha unatcheredwa, wagwira, ndipo wotchera sakuchita manyazi. Verdi anachitanso chimodzimodzi ndi mizere yotsatira. M'malo mwakuti Amneris alengeze mwaulemu kuti nayenso ali m'chikondi, anafuna kuti amulase mnzakeyo: ukumukonda? nanenso ndikumukonda, wamva? wolimbana nawe ndi mwana wa Afarao. Aida mtima ukumukwera, akuyamba kuyankha kuti nayenso ndi mwana wa... n'kudziluma lilime asanamalize, poti akamaliza waphetsa bambo ake ndi iye yemwe. Chiganizo chosamalizacho chikunena zambiri kuposa ndime yathunthu.

Verdi anadziwiratu chimene mlakatuli angadandaule, ndiye anadzifunsa yekha m'malo mwake kuti nanga mzere, nanga kufanana kwa mawu kumapeto, nanga ndime? Yankho lake linali lakuti zochitika zikafuna, iye ataya zonsezo osachedwa, chifukwa pa siteji nthawi zina alakatuli ndi opeka nyimbo ayenera kukhala ndi luso losalemba ndakatulo komanso losapeka nyimbo. Mawuwa akuchokera kwa munthu amene chuma chake chonse chinachokera ku nyimbo zokoma.

Ine ndakhala ndikuthandiza achinyamata kukonza masewero a kutchalitchi, ndipo matenda amene Verdi ankalimbana nawo ndimawadziwa. Wolemba amakonda mawu ake. Mayi wapeza mwana wake atagona chikomokere, ndiye wolemba akumupatsa ndime yonse ya miyambi itatu ndi vesi, ngati kuti mayiyo anakonzekera kukalankhula pamaliro a mfumu. Papepala zimaoneka zakuya. Pa siteji anthu amayamba kuyang'ana mafoni. Mayi weniweni amangoitana dzina la mwanayo kawiri. Kuuza wolemba kuti achotse ndime imene anaigonera mochedwa ndi ntchito yowawa, ndipo ambiri timalephera chifukwa choopa kukhumudwitsana. Verdi sankaopa. Koma sankanyozanso. Ankalemba mwaulemu, akutchula "inu", akupepesa pa kuvutitsa, kenako n'kubweza mzere womwewo kachitatu.

Asamveke ngati munthu wodana ndi miyambo yakale ya ntchito yake. Opera ya Chitaliyana inali ndi chizolowezi chomaliza nyimbo yaitali ndi kachigawo kothamanga, kotchedwa cabaletta, kamene kankautsa anthu m'manja. Pofika 1870 otsutsa ambiri ankati n'zachikale. Verdi anauza Ghislanzoni kuti iye sadana nazo, chimene akufuna n'chakuti pakhale chifukwa chake. Funso lake linali limodzi paliponse: kodi munthu uyu, pa mphindi imeneyi, angachite zimenezi?

Pa chifukwa chomwecho anadandaula za mwambo wa m'kachisi wa m'chigawo choyamba, pamene Radamès akupatsidwa lupanga. Anati anthu sakunena zimene ayenera kunena, ndipo ansembe sakumveka ngati ansembe mokwanira. Verdi sankagwirizana ndi atsogoleri a chipembedzo a m'nthawi yake, ndipo ansembe a mu Aida anawapanga ouma mtima, oyenda pamodzi ngati khoma, okonda kupereka chilango m'dzina la milungu. Pamene ankafuna mawu oti ansembewa aimbe pa chikondwerero cha kupambana nkhondo, sanapite ku mabuku akale. Anatenga m'nyuzipepala ya sabata imeneyo.

Nkhondo ya France ndi Prussia, ufumu wa ku Germany, inali itayamba mu Julaye 1870. Pa 2 Seputembala asilikali a France anagonja ku Sedan, ndipo mfumu yawo Napoleon III inagwidwa. Mfumu Wilhelm ya Prussia inkatumiza kwawo matelegalamu othokoza Mulungu pa kupambanako. Pa 8 Seputembala Verdi analembera Ghislanzoni kuti ansembe a Farao anene kuti tapambana ndi thandizo la Mulungu, mdani wagonja, Mulungu atithandizenso m'tsogolo, ndipo anawonjezera kuti aone matelegalamu a Mfumu Wilhelm. Ndikamva kwaya ya ansembeyo tsopano ndimamva mkwiyo wa munthu amene ankawerenga nyuzipepala m'mawa, akunyansidwa ndi opha anthu amene akuyamika kumwamba. Kumapeto kwa mwezi womwewo analembera mnzake Clarina Maffei kuti tsoka la France lamusweka nalo mtima, kuti ngakhale anthu a ku Paris ndi odzimva, France ndi imene inapatsa dziko lamakono ufulu, ndipo ankaona nkhondo ina yaikulu ya Ulaya ikubwera. Anali atauzanso du Locle kuti pa ndalama zoyamba za ku Egypt achotsepo ma franc 2,000 apereke kothandiza ovulala.

Nkhondoyo inasokonezanso seweroli lenilenilo. Zovala ndi zokongoletsa siteji zinkapangidwa ku Paris moyang'aniridwa ndi Mariette. Kuyambira pa 19 Seputembala mzindawo unazingidwa, ndipo sunatseguke mpaka kumapeto kwa Januwale 1871. Makalata ankatuluka pa mabaluni owuluka pamwamba pa adani. Mariette ndi katundu yense anatsekeredwa momwemo. Pangano linali lakuti Aida aonetsedwe ku Cairo mu Januwale 1871, zimene sizinatheke. Paul Draneht, woyang'anira nyumba ya masewero ya ku Cairo, anapempha Verdi kuti asathamangire kukaonetsa ku Milan Cairo isanaone, ndipo Verdi anavomera kudikira.

Apo n'kuti nyimbo zambiri zitatha kale, poti ntchito yaikulu anaigwira m'miyezi pafupifupi inayi. Malo awiri m'makalata a miyezi imeneyo ndi ofunika kuimapo.

Oyamba ndi a m'chigawo chachitatu, usiku m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Amonasro, bambo ake a Aida, agwidwa ku nkhondo koma akubisa kuti ndi mfumu. Akufuna mwana wawo anyengerere Radamès kuti aulule njira imene asilikali a Egypt adzere. Akuyamba mofatsa, kumukumbutsa nkhalango ndi zigwa za kwawo. Aida akukana. Bambowo akusintha, akumuonetsa midzi ikupsa, mzimu wa mayi ake ukumutemberera, kenako akumukankhira pansi ndi mawu akuti si mwana wawo, ndi kapolo wa Afarao. Mwachizolowezi apa woyimba wamkazi amayenera kupatsidwa nyimbo yaikulu yoonetsera mawu ake. Verdi anauza Ghislanzoni kuti pambuyo pa chipongwe chotere Aida alibenso mpweya wolankhulira, choncho apatsidwe mawu odukaduka, oimbidwa motsitsa. Ndi zimene zili m'seweromo. Mtsikanayo akungoti bambo, musanditemberere, ndikadali mwana wanu, zoimbira zikubwereza kamawu kamodzi pansi pake. Verdi anaika m'manda ana ake awiri ali makanda, mu 1838 ndi 1839, ndi mkazi wake woyamba mu 1840, ndipo ambiri aona kuti bambo akakumana ndi mwana wamkazi m'masewero ake, nyimbo zimazama kuposa paliponse. Sindikufuna kukokera zonse ku maliro amenewo. Chimene kalatayo ikuonetsa poyera ndi munthu amene akumana woyimba wake mwayi woombeledwa m'manja kuti asunge choonadi cha mphindiyo.

Achiwiri ndi mapeto. Radamès waweruzidwa kuti akwiriridwe wamoyo pansi pa kachisi, ndipo mwala utatsekedwa akupeza kuti Aida anabisalamo kale kuti afere limodzi. Siteji yagawidwa pawiri, pamwamba kachisi wowala ndi ansembe akuimba, pansi mdima ndi anthu awiri. Verdi analemba kuti sakufuna imfa ya masiku onse ya m'masewero, ija ya "ndikukomoka, ndatsogola, undidikire, wafa, ine ndikadali moyo". Ankafuna kanthu kofewa, kakafupi, kotsanzika moyo. Monga mwa chizolowezi analemba mizere yake yongoyerekezera n'kuitumiza. Ghislanzoni anakonza yake yokongola, koma inafika mochedwa. Verdi anayankha kuti mizereyo ndi yabwino ndithu, koma pofuna kusataya nthawi waika kale nyimbo pa mizere yake yoipa ija. Ndiye mawu amene anthu akhala akulira nawo m'maholo kwa zaka zoposa 150, otsanzika dziko lapansi ngati chigwa cha misozi, maziko ake ndi a munthu amene sankadzitcha mlakatuli. Ghislanzoni ndimamumvera chisoni pamenepa. Dzina lake lili pachikuto, ndipo ntchito anaigwiradi, poti kusandutsa zofuna za munthu wina kukhala mizere yoimbika si masewera. Koma ankalemba akudziwa kuti mzere wake wokondedwa ukhoza kufa ndi positi yotsatira.

Kuchedwa kwa chaka chija kunapindulitsa. Mu 1871 Verdi anakonzanso chiyambi cha chigawo chachitatu n'kuwonjezera nyimbo imene Aida akuimba yekha, kulira kuti dziko lakwawo sadzalionanso. Lero ndi imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri m'seweroli, ndipo pakanapanda nkhondo ija mwina sikanakhalapo. Chaka chomwecho makalata ambiri ankapita kwa Ricordi, ndipo nkhani inali ya anthu ndi zipangizo. Ankafunsa mobwerezabwereza za Maria Waldmann, mtsikana amene ankaganiziridwa kuti aimbe Amneris ku La Scala, nyumba ya masewero ya ku Milan. Ankati mawu okoma okha sakwanira pa gawo limeneli, pakufunika munthu wokhala ndi moto m'kati, poti kaimbidwe angathe kumuphunzitsa koma mzimu sangamupatse. Anaitanitsa ng'oma zazikulu kuposa zimene zinalipo, analamula mmene oimba zoimbira akhalire, ndipo anayamikira ganizo lobisa gulu la zoimbira kuti oonera asamalione, n'kuvomera poyera kuti ganizolo ndi la Wagner, wopeka nyimbo wa ku Germany amene otsutsa ankakonda kumuyerekeza naye mpaka kumutopetsa. Anapangitsanso malipenga aatali owongoka asanu ndi limodzi a pa chionetsero cha opambana nkhondo.

Tsopano pali mbali imene munthu wa kuno sangaidumphe. Seweroli likunena za mayiko awiri a mu Africa, ndalama zake zinachokera mu Africa, koma Verdi sanapondepo ku Egypt. Ulendo wa panyanja sankaukonda. Akafuna kudziwa ngati m'makachisi akale munali ansembe aakazi, kapena magule opatulika ankavinidwa bwanji, funso linkapita ku Paris kwa du Locle kuti akafunse Mariette. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nthawi ina anapita ku nyumba yosungira zakale ku Florence kukaona chitoliro cha ku Egypt chimene buku lina linachitama kwambiri, n'kupeza kuti ndi kabango ka mabowo anayi konga ka abusa a kwawo. Anabwerako atakhumudwa. Egypt amene timamumva m'nyimbozi anapekedwa ku Sant'Agata ndi munthu wa khutu lakuthwa, ndipo Ethiopia wa Aida ndi dziko la m'maloto, lobiriwira ndi lonunkhira, lopanda chilankhulo chake kapena nyimbo yake. Kwa zaka zambirimbiri Aida ndi Amonasro ankaimbidwa ndi azungu odzipaka zakuda kumaso. Leontyne Price, Mmerika wakuda, anaimba Aida ku La Scala mu 1960, patadutsa zaka 88 chionetsereni seweroli m'nyumba imeneyo.

Komabe sindingathe kulitaya seweroli ngati chinthu cha atsamunda basi. Tamverani kumene Verdi anaika mtima wake. Opambana ali ndi malipenga ndi phokoso. Ogonja ali ndi nyimbo zimene munthu amapita nazo kunyumba. Pa chikondwerero chija, ansembe a dziko lamphamvu ndiwo akufuula kuti akaidi aphedwe, ndipo amene akupempha chifundo ndi ulemu wake wonse ndi mfumu yakuda imene yavula ufumu wake. Verdi anakulira mu Italy wogawikana, mbali zina zikulamulidwa ndi Austria, ndipo ankadziwa kuti kukhala pansi pa mlendo n'kutani. Zimene sakanadziwa n'zakuti nthano yake itsala pang'ono kuchitikadi. Isma'il yemwe uja, amene analipira seweroli, anatumiza asilikali kukalanda Ethiopia, ndipo anakwapulidwa ndi Mfumu Yohannes IV ku Gundet mu 1875 ndi ku Gura mu 1876. Ngongole zinamumiza, anagulitsa magawo ake a ngalande ya Suez kwa Britain mu 1875, ndipo mu 1879 anachotsedwa pampando. Kenako Italy weniweniyo anayesa, n'kugonja ku Adwa pa 1 Malichi 1896, Verdi akadali moyo, ali ndi zaka 82. Pa siteji Ethiopia ankagonja usiku uliwonse, kubwalo la nkhondo ayi.

Aida anaonetsedwa koyamba ku Cairo pa 24 Disembala 1871, wotsogolera zoimbira ali Giovanni Bottesini. Mariette, amene anavutika kujambula zovala motsatira zithunzi za m'manda akale, anali ndi nkhawa yake yapadera: ndevu. Analembera Draneht kuti sakufuna kuona Farao wa masharubu opotera m'mwamba ndi kandevu kapachibwano, choncho oyimba amete. Verdi anatsala kwawo, ndipo atamva kuti Filippo Filippi, wolemba za nyimbo m'nyuzipepala ya ku Milan, akupita ku Cairo kukaonera, anamulembera kalata yaukali. Anati zafika pamenepa si lusonso koma malonda, ulendo wokasangalala, ulenje. Anati amakumbukira mokondwa masiku ake oyamba, pamene ankafika pamaso pa anthu alibe mnzake womulankhulira, ali wokonzeka kuwomberedwa ndi mfuti, n'kusangalala ngati wawakhudza pang'ono. Ndimamukhulupirira theka. Munthu amene anatchula ma franc 150,000 osaphethira sangadabwe kuti atolankhani akwera sitima.

Chionetsero chimene iye ankachiwerengera ndi cha ku La Scala pa 8 Febuluwale 1872, Teresa Stolz akuimba Aida, Waldmann uja akuimba Amneris, Franco Faccio akutsogolera, Verdi mwini atayang'anira zokonzekera. Anali atalemba nyimbo yaitali yotsegulira, koma ataimva pokonzekera anaichotsa n'kubwezeretsa yaifupi yakale. Mpeni umene ankadulira Ghislanzoni anadzidula nawonso yekha. Anthu analilandira seweroli ndi manja awiri, ndipo mu Epulo linafika ku Parma.

Kuchokera kumeneko kunabwera kalata ina, ya mu Meyi 1872, yolembedwa ndi munthu wa ku Reggio Emilia dzina lake Prospero Bertani. Anati anamva mbiri ya Aida, anakwera sitima kupita ku Parma, anaonera, sanakhutire. Pobwerera anamva anzake m'sitima akutama, ndiye anapitanso kachiwiri kuti atsimikize. Chigamulo chake chinali chakuti mulibe chogwira mtima, kuti pakanapanda zokongoletsa palibe akanapirira mpaka kumapeto, ndipo likadzadzaza maholo kangapo lidzakaola m'nkhokwe. Poti ndalama anawonongazo zinkamusowetsa tulo, anapempha kuti amubwezere, n'kulemba bilu: sitima popita 2.60, pobwera 3.30, tikiti 8, chakudya chamadzulo choipa cha pa siteshoni 2, zonse kawiri, pamodzi ma lire (ndalama za ku Italy nthawi imeneyo) 31.80.

Verdi anatumiza kalatayo kwa Ricordi ndi malangizo. Munthuyu alipidwe, koma ma lire 27.80 okha. Za chakudyazo ayi, akanatha kukadya kwawo. Ndipo asanalandire asaine kuti sadzapitanso kukaonera sewero latsopano la Verdi, kuti asadzadzivutitsenso komanso asadzamulipiritsenso ulendo wina. Ricordi anatumiza munthu ku Reggio, Bertani anapezeka, analandira ndalamazo n'kusaina. Ndipo Verdi yemwe uja, amene miyezi isanu m'mbuyomo anakalipira Filippi kuti atolankhani asandutsa luso kukhala malonda, analola kuti nkhani yonseyi, bilu ndi zonse, isindikizidwe m'nyuzipepala.